Tizidutswa ta M'magazi Anga

Lolemba

Pachifuwa pakutenthanso. Kumanzere, pansi pa thumba la malaya. Lero akwana masiku asanu chiyambire. Achimwene anga anagwa m'munda khasu lili m'manja, asanafike n'komwe msinkhu wanga uno. Ndavundikira makina osokera, ndakwera njinga, ulendo wa kuchipatala ku Salima.

Dokotala wachizungu kulibe, akuti afika Loweruka pa sitima. Amene alipo ndi a Gondwe, adiresala othandiza dokotala. Andibaya pamkono, atenga magazi m'kabotolo. Ochepa ndithu, koma nditangowaona mutu wazungulira. Akuda bii! Ndafunsa kuti m'menemo amapezamo chiyani.

A Gondwe amakonda kuphunzitsa. Akuti: "Atelala, nyama, nsomba, mazira, nyemba, zonsezi zikafika m'mimba zimaphwanyika n'kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso. Timeneto timayenda m'magazi n'kumamanga thupi." Ndati, nanga tikachuluka? Akuti: "Chilichonse chikachuluka chimavuta. Mubwere Loweruka."

Ndamva zonse. Ine ndine telala. Ndikudziwa zimene tizidutswa timachita tikadzaza m'makina. Makina amaima!

Lamulo langa, kuyambira lero mpaka Loweruka:
Nyama ayi.
Nsomba ayi.
Mazira ayi.
Nyemba ayi.
Bonongwe, chisoso, madzi, basi. Dokotala akapeze magazi oyera ngati a khanda.

Mwana wanga Esinati akukwatiwa tikakolola. Diresi lake ndinadula kale, sindinasoke. Sindingafe ndisanalisoke.

Lachiwiri

Ndawauza mayi a Esinati za lamuloli. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chaka cha njala chija munkalilira usipa ngati mwana, lero mukuuthawa?" Ndatuluka panja. Munthu wodwala mtima sakangana.

Masana: bonongwe wopanda nsinjiro, pakuti ndakumbukira kuti mtedza ndi m'bale wake wa nyemba. Ndathira tsabola wambiri kuti adutse pakhosi. Iwo ndi Esinati akudya chambo chowotcha, ndipo akhala mbali imene mphepo ikuchokera. Mwadala!

Ndadya mutu wokha. Mutu si nsomba, ndi mafupa.

Pachifuwa moto.

Lachitatu

Asodzi akutsika kuchilumba cha Mbenji, nyengo yawo yatha. Che Saidi, wa nyumba yoyandikana nafe, afika ndi lichero la utaka wouma. "Alhamdulillah, tabwerako amoyo. Nkhomaliro iyi, atelala." Munthu wawoloka nyanja ndi mphatso m'manja, ine ndimuuze kuti bwererani nayo? Ndi mwano umenewo.

Ndawafotokozera za tizidutswa. Amvetsera bwino, akusisita ndevu. Akuti: "Bambo anga anadya nsomba moyo wawo wonse, mtima sunawavutepo ngakhale tsiku limodzi. Inawatenga ndi ng'ona." Sindikudziwa ngati mawu amenewa ali ondilimbitsa mtima.

Ndaganiza mofatsa. Nsomba ikauma padzuwa, tizidutswa nato timauma. Touma sitingayende m'magazi. Lamulo lakonzedwa: youma inde, yaiwisi ayi.

Utaka unayi. Usanu, kuphatikiza umene unagwa pansi.

Ndasoka kolala ya malaya a aphunzitsi chozondoka. Kuphwasula konse. Njala imachititsa khungu!

Lachinayi

Mvula yagwa m'mawa, ndipo ngumbi zatuluka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Mudzi wonse ukununkhira. Mayi a Esinati akukazinga, sakundiyang'ana, akungoimba.

Mlandu wa ngumbi:
Zili ndi mapiko ngati nkhuku. Ndiye kuti ndi nyama.
Zilibe magazi. Ndiye kuti si nyama.
Zimatuluka m'nthaka ngati bowa. Ndiwo zamasamba!
Mboni ziwiri zaposa imodzi. Ndadya mbale yonse, ndi tsabola.

Nditangokhala pamakina, chandigwira. Moto kuchokera m'mimba kukafika pakhosi, thukuta kumaso. Ndangoti zii, kumvetsera ngati mtima uima. Ndaona m'maganizo achimwene mmene tinawanyamulira kuchokera kumunda, mapazi ali matope.

Ndasiya malaya a aphunzitsi, ndatulutsa nsalu yoyera. Ndaitana Esinati kuti ndimuyesenso m'chiuno. "Ababa, bwanji mukufulumira chonchi? Ukwati ukadali kutali." Ndamuuza kuti ndikufuna diresi lithe sabata ino, pakuti za mawa sizidziwika. Walira. Wathamangira kwa azakhali ake, alongo anga.

Chimene alongo anga amva, amvanso a ku Senga Bay.

Lachisanu

Anthu odutsa pamsewu akuvula zipewa akandiona. Wina wabwera kudzatenga buluku lake lisanathe.

Atatuluka kumzikiti ku mapemphero a Ijumaa, Che Saidi achita sadaka yothokoza kuti asodzi onse abwerako. Mbuzi yathunthu, mpunga wa ku Lifuwu. Ndinati ndingopita kukaonekera, ndikhale kumapeto kwa mphasa, kutali ndi mbale.

Andikhazika pakati. Ashehe andipempherera dua, ine mkhristu, ndipo aliyense wati amina mokweza. Kenako Che Saidi andiikira chiwindi patsogolo: "Ngati mukupita, pitani wokhuta. Inshallah simupita."

Ndingakane bwanji anthu atandipempherera? Chiwindi. Nthiti. Kamwendo.

Ndatsala ndi nyemba ndi mazira. Malamulo awiri pa anayi si pang'ono.

Ndafika kunyumba, mayi a Esinati aphika nyemba.

Ndatsala ndi mazira.

Loweruka

Ulendo wa ku Salima. Ndatsika panjinga kawiri, osati chifukwa chotopa koma mantha. Magazi anga tsopano ayenera kuti ali ngati phala.

Dokotala ndi wamtali, mphuno yofiira ndi dzuwa, Chinyanja chake chopindika. Andiika kampira kozizira pachifuwa, kutsogolo, kumsana. Andiuza kukwera ndi kutsika pasitepe kakhumi. Amveranso. Afunsa kuti kutenthako kumayamba nthawi yanji. Ndati ndikadya, makamaka ndikawerama pamakina. Afunsa za tsabola. Ndaonetsa ndi dzanja. Afunsa ngati ameneyo ndi wa sabata yonse. Ndati wa mbale imodzi. Aseka mpaka kuvula magalasi!

A Gondwe amasulira: mtima uli bwino, ukugunda ngati ng'oma. Chimene ndili nacho ndi chilungulira. Chilungulira! Matenda a amayi apakati!

Nanga magazi aja? Ankafunamo malungo ndi kuona ngati achepa. Malungo mulibe, magazi ndi okwanira. Nanga tizidutswa? Dokotala akuti chida choti n'kuwerengera timeneto kuno kulibe, ndipo munthu akatisowa ndiye amafooka. Koma nditatchula za achimwene anasiya kuseka. Akuti ndidye pang'ono, ndichepetse tsabola ndi mimbayi, ndikadya ndiyende ndisanakhale pamakina, ndipo ndibwerenso mvula ikatha adzamverenso. Andipatsa mankhwala oyera ngati choko.

Pakhomo a Gondwe andinong'oneza: "Ine ndinati timamanga thupi, atelala. Zoima mtimazo munasokerera nokha."

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa chipatala. Misozi yatuluka yokha, munthu wamkulu ndithu. Ndidzamuona Esinati atavala diresi. Ndidzaona!

Pasiteshoni pali mayi wogulitsa mazira owiritsa. Awiri. Lamulo latha lonse.

Lamulungu

Dzulo ndinafika n'kuuza a m'nyumba okha. Kunja nkhani sinafike. Kutchalitchi mkulu wa mpingo wapempherera "m'bale wathu amene waima pakhomo la imfa", ine ndili pabenchi lachitatu, masaya ali phwii. Ndati amina motsitsa.

Masana anthu adzaza pabwalo kudzazonda matenda. Alongo anga atsogola ndi nkhuku kukhwapa. Ndinaganiza zogona pamphasa n'kubuula pang'ono, kuti ulendo wawo usapite pachabe. Mayi a Esinati: "Bambo a Esinati, dzukani apo, nenani zoona."

Ndanena. Chilungulira. Kwamveka nthungululu, kenako kuseka kosatha. Mawa pamsika dzina langa lidzakhala lina, ndikudziwa. Nkhuku ndinati abwerere nayo. Alongo anga akuti nkhuku ya wodwala sibwerera. Yaphedwa.

Esinati wandiuza kuti Lachinayi anapeza amayi ake kuseri kwa nkhokwe akulira okha. Ndawafunsa. Akuti unali utsi. Kuseri kwa nkhokwe kulibe moto. Ndangowayang'ana, iwo n'kundikankhira mbale.

Tsabola abisa, sindikudziwa kuti. Akuti ndikadya tiyenda limodzi mpaka kwa Che Saidi ndi kubwerako, iwo kumbuyo, kuti ndisakhote. Chabwino. Munthu wamoyo amalamulidwa.

Dokotala anati ndidye pang'ono. Ndadya pang'ono. Kawiri.