Mabatire a Bambo Zuze pa Denga la Tchalitchi

Wailesi ikayamba kuimba nyimbo zakale ine ndimatuluka panja, ndipo ana akandifunsa ndimangoti m'nyumba mwatentha. Kwathu kuno ku Makhanga bodza limenelo palibe angaligwire, chifukwa kumatenthadi. Koma zoona zake n'zakuti ine ndi wailesi tinayambana kalekale, ndipo nkhaniyi ndatopa nayo kuisenza ndekha.

M'zaka zija za chipani chimodzi ndinali mnyamata woimba banjo. Banjo yake yokhoma ndekha: chigubu cha mafuta, nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Mnzanga Alufandika ankaimba babatoni, chingoma chija cha nsambo imodzi chimene woimba amachikhalira pamwamba. Tinkaimba m'misika ndi m'maukwati, malipiro ake kawirikawiri milamba yowamba.

Ndinkafuna kukwatira Luwiza, mwana wa bambo Zuze. Iyenso ankandifuna (musandifunse chimene anaona, ndinali woonda ngati bango). Koma amalume atapita kukandinenera, anabwerako ndi mawu awa: "Akuti woimba banjo ndi lova. Oimba enieni amamveka pa wailesi. Tsiku limene adzakumve m'wailesi yawo ndi makutu awo, tidzapite tikakambirane." Bambo Zuzewo akuti ananena zimenezi akuseka, podziwa kuti sizingatheke.

Ndiye zinatheka. Anthu a wailesi anafika ku Bangula ndi galimoto yodzaza mawaya, kudzajambula oimba akumidzi. Inali pologalamu ya Loweruka masana, ya nyimbo zofewa za anyamata ngati ife, opanda bwana, opanda mbale ya nyimbo m'sitolo. Tinaoloka Shire, makhadi a chipani m'thumba, babatoni pamutu. Anatiuza kuti tiyambe ndi nyimbo yotamanda chitukuko, tinayamba nayo. Kenaka ndinaimba yanga yeniyeni, ya Luwiza wa ku Makhanga, woyenda ngati sakufuna kupweteka nthaka. Mkulu wa tepi anangoti, "Muzimvetsera." Tinamvetsera mpaka madzi anasefukira n'kuphwa, thonje linakololedwa, ndipo m'chilimwe muulutsi analengeza kuti Loweruka likudzalo ndi la anyamata a kuchigwa cha Shire.

Wailesi ya bambo Zuze inali yochokera nayo ku Halale. Inkakhala yofunditsidwa kansalu, ndipo inkatsegulidwa pa nkhani ndi pa mauthenga a maliro basi. M'mawa wa Lowerukalo mkuluyo anaitsegula, mawu ake ali pansipansi.

"Mabatire afooka," anatero.

Kwa amene munabadwira m'magetsi: batire ikafooka sitinkataya. Tinkaiyanika padzuwa pang'ono, n'kudzuka ndithu, kuimba tsiku lina lathunthu.

"Ndikawayanika ine, bambo," ndinatero, manja onse awiri nditatambasula.

Anandipatsa n'kundichenjeza. "Pamphasa, mphale, mnyamata iwe. Dzuwa la m'mawa lokha."

Ndinavomera. Koma ndili m'njira mutu unayamba kundinyenga. Ndinati, ngati dzuwa pang'ono limapatsa mphamvu pang'ono, nanga dzuwa lambiri? Nyimbo yanga ndi yaitali, ndipo ndinkafuna imveke mpaka kudambo. Pamudzi ponse denga la malata linali la tchalitchi lokha. Ndinakwera, ndinandandalika mabatire aja pamwamba penipeni, ndinatsika ndikudzitama kuti nzeru zotere sukulu saphunzitsa.

Kenaka ndinapita kukameta (tsitsi lalitali linali mlandu masiku amenewo, ndipo ndinali nditaitana tcheyamani wa chipani). Ndinadutsa kwa akatekisiti, kwa asodzi kudooko, kwa azakhali, aliyense ndikumuuza kuti asachedwe. Pomwe ndinkakumbukira za denga, dzuwa linali litafika paliwombo, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe.

Malata aja anandisupula mawondo. Mabatire ndinawapeza atafufuma, mapepala ake atafunduka, akutuluka phala loyera kumatako. Munthu wanzeru akanapita kukaulula. Ine ndinawapukuta ndi malaya, n'kuwalowetsa m'wailesi nditafulatira anthu.

Pansi pa mtengo wa nimu panali podzaza. Bambo Zuze pampando wa ndalema, tcheyamani pambali pawo, amayi pamphasa. Luwiza anali pakati pawo atavala chitenje chatsopano, akukanda pansi ndi kamtengo. Mkuluyo anapotokola kabatani. Wailesi inatsokomola, mawu a muulutsi anati, "Omvera athu," basi zii.

"Ninji? Chachitika n'chiyani?" anafunsa bambo Zuze.

"Ikukoka mphepo, bambo. Ibwera."

Sinabwere. Ndinaigwedeza, ndinaitembenuzira kumpoto, ndinakweza mlongoti wake mpaka kumapeto. Ndinatulutsa batire imodzi n'kuiluma, monga tinkachitira ikakanika. Phala lija linandiotcha lilime mpaka misozi, ndipo ndinalavula pafupi kwambiri ndi nsapato ya tcheyamani. Akatekisiti anandimvera chisoni, anakatenga mabatire a tochi yawo. Titatsegula kumbuyo kwa wailesi, anthu onse anaona: mkati muli chinyezi, tizitsulo tonse titapakika phala, kafungo kakutuluka. Mabatire atsopano aja sanaphule kanthu. Wailesi ya ku Halale inali itafa.

Ndinkafuna nthaka ing'ambike, koma nthaka ya chilimwe ndi youma gwa.

Apo tinaona Alufandika akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Iye anali atapita kukamvera kugolosale ya kusiteshoni.

"Achimwene! Tamveka! Nyimbo yonse, osadula! Muulutsi mpaka anati ameneyu Luwiza ndi wamwayi!"

Amayi ena anayamba kululutira, koma anasiyira panjira ataona nkhope ya mwini wailesi. Bambo Zuze anatenga kansalu kaja, n'kufunditsa wailesi yawo pang'onopang'ono ngati maliro.

"Ine nkhabe kubva," anatero. "Sindinamve kanthu. Mabatire ndakupatsa m'mawa umodzi wokha, wandiphera wailesi. Ndiye ndikupatse mwana wanga moyo wonse?"

Ndinayesa kupepesa. Koma lilime linali litatupa.

Nyimbo ija anthu anaikonda, ndiye chimene chimanditopetsa kwambiri. Inkabwerezedwa Loweruka ndi Loweruka, ine ndikuimvera patali m'mawailesi a eni. Amalume anapitanso kawiri, anabwezedwa pakhomo. Mvula isanagwe kachiwiri Luwiza anakwatiwa ndi woyendetsa thirakitala wa kuminda ya nzimbe, munthu wa wailesi yaikulu yolumikiza ku batire ya galimoto. Sindimuda Luwiza. Analira, ndinalira, koma bambo ake anali bambo ake.

Mukafuna phunziro, sindikudziwa ngati ndili nalo. Mwina n'lakuti mkulu akati pamphasa, ndi pamphasa. Koma chimene sichinapole ndi ichi: mwamuna wa Luwiza ndi munthu wabwino, wansangala, ndipo mpaka lero tikakumana pamsika wa Bangula amandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Madala," amatero, "ine ku Makhanga sindinkakudziwa n'komwe. Ndinamva nyimbo yanu ija pa wailesi, ndiye ndinati ndipite ndikamuone ndekha Luwiza ameneyu."