Mvuu za Malume Zalowa mu Kompyuta

Lolemba
Nkhani ya mvuu anayamba kundiuza ndi malume anga a Namakhwa, amene anaoloka Chilwa kuchokera ku Mozambiki pa bwato lobooka. Lero yapeza ntchito! Mdzukulu wanga Esinati wabwera ndi anzake a kuntchito, Jafali ndi Lusia. Akupanga pulogalamu ya pafoni ya alimi a mpunga ku Likangala. Mkangano wawo: ntchitoyo aziisunga mu nkhokwe iti ya pa intaneti, moti onse atatu azithiramo ndi kutapamo? Zilipo ziwiri, akufuna choyesera. "Agogo, simbani, ife tizilemba." Ilowe yonse, adzukulu adzadziwe kuti ine sindinama.

Lachiwiri
Zala za anawa! Ngati nkhuku pa mpunga woyanika. Lusia akulemba maso ali kwa ine. Akuti ndisimbenso, ayese zosintha. Ine kukana kusimba?

Lachitatu
Kusiyana kwa nkhokwe ziwirizi ndakumva:
yoyamba ndi yopepuka, imatseguka ngakhale netiweki ikutsimphina, koma imasunga zomaliza zokha;
yachiwiri ndi yolemera, koma siiwala: wasintha ndani, liti, mawu ati, zonse.
Nzeru zake, abale! Ndasimbanso kachitatu, mosangalala.

Lachinayi
Kalanga ine. Jafali akuloza pagalasi la kompyuta: "Madala, Lolemba mvuu zinali ziwiri. Lachiwiri zinayi. Dzulo zisanu ndi ziwiri, ina ya diso limodzi." Paliponse pamene ndinasintha, mizere yofiira psuu. Zaka zonsezi ndasimba pamaliro, padooko, paukwati, palibe anandiwerengerapo mvuu.

Lachisanu
Ndili pa kampeni ya yoiwala ija. Jafali ndamuwotchera matemba. Lusia nzimbe ziwiri. Mfundo zanga: netiweki ya kuno ndi yaulesi, komanso chinthu chosaiwala chimadanitsa anthu. Adya, athokoza. Esinati: "Agogo, mmodzi wa ife akalakwitsa, mlimi atsegula madzi tsiku losayenera. Tiyenera kuona palakwika pati." Mwanayu amayankhula bwino mpaka ndagwedezera mutu, kuiwala kuti akundigonjetsa.

Loweruka
Asankha pansi pa mango. Atatu onse yachiwiri. Sizinathere pomwepo: aitana alimi adzaone mmene imagwirira ntchito, ndipo chitsanzo chake ndi mvuu zanga! A Mpinganjira, mnzanga wa bawo, kuseka mpaka kutsokomola. Ndiye Lusia wangodina kamodzi, mawu anga a Lolemba abwerera onse, ndi "eee" wanga yemwe. Ndaomba nawo m'manja. Ndikanatani?

Lamulungu
Esinati ndi anzake anyamuka m'mawa pa makabaza. Potuluka m'tchalitchi a Mpinganjira akukuwa: "Lero zilipo zingati?" Ndakhala pachitsa, ndasimba zoona zake: ziwiri, zonse maso awiriawiri. Nkhani yatha anthu asanakhale n'komwe. Zii. Mayi akunyumba andikoka malaya: "Bambo, bodza lanu talipirira zaka zambiri. Izi zokha ayi. Bwezerani zisanu zija."
Ndabweza zitatu. Zinazo mawa.