A Hutala ndi Chitunda Chimene Chinkawakana

Funsani aliyense mumsewu mwathu muno, akuuzani kuti alamu anga a Hutala sankayenda ngati munthu, ankayenda ngati basi. Akafuna kukhota pakona ya golosale, ankayamba atulutsa dzanja, n'kuchepetsa liwiro, kenako n'kuliza hutala ndi pakamwa: "Pii-piii!" Dzinalo linachokera pamenepo. Mukawapatsa moni pakati pa njira, sankaima. Ankangoti, "Pano si pasiteji," n'kukaima pansi pa mtengo kutsogolo, inu n'kumawathamangira ndi moni wanuwo.

Zobwerera m'mbuyo ndiye zinali zanga. Ine ndinali kondakitala wawo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo achemwali anga ndiwo anali akazi awo, choncho kothawira ndinalibe. Ngakhale titapuma ntchito, akafuna kutuluka chafutambuyo m'kachipinda kosungiramo katundu, ankakuwa, "Mlamu, ndionere kumbuyo!" Ine ndi imvi zangazi n'kumamenya chitseko: "Bwerani, bwerani, bweraniii, imani!"

Sekani, koma munthuyu anali dalaivala. Zaka zonsezo sanagunde ngakhale nkhuku. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawadya mumtima, ndipo tonse tinkachidziwa: ulendo wawo womaliza.

Tsiku lawo lomaliza pantchito anatenga achemwali n'kuwakhazika pampando wakutsogolo. Kanali koyamba kuti akwere basi ya amuna awo. Anawalonjeza kuti akawaonetsa kuseri kwa chitunda chachikulu chimene tinkakwera tsiku ndi tsiku, kumene msewu umayamba kutsetsereka ndipo dziko lonse limaonekera pansi. Basi tinaikongoletsa ndi nsalu yaikulu yolembedwa mawu otsanzikana. Tinanyamuka anthu akuimba. Titatsala pang'ono kufika pamwamba, injini inawira, nthunzi inati fuu, basi n'kuima. A Hutala anamaliza ntchito yawo akukokedwa ndi chingwe, atagwira chiwongolero cha basi yakufa, akazi awo ali pambali.

Kuyambira pamenepo, ankati akamamwa tiyi n'kuusa moyo. "Mayi, sindinakufikitseni."

"Imwani tiyi akuzizira," achemwali ankayankha choncho nthawi zonse.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi, mwana wawo wamkazi anawatumizira kompyuta yakale ya kuntchito kwake, chiwongolero cha pulasitiki, zopondera, ndi gemu yoyendetsa basi. Mawu oti gemu ndanena ine pano chifukwa eniake kulibe. Pamaso pawo munthu sankayerekeza. "Gemu ndi ya ana. Iyi ndi ntchito." M'mawa uliwonse ankavala malaya awo a yunifomu, n'kuzungulira tebulo akumenya miyendo yake ndi nsapato ngati akuyesa matayala. Kumbuyo kwa mpando wawo anaika mabenchi awiri. Pabalaza pa achemwali, pamene wailesi, firiji ndi mipando zonse zimavala tinsalu toluka, panasanduka depoti.

Ndiye taonani zinthu zake. Pa misewu ya mugemumo panali umodzi wa chitunda chokhotakhota, chofanana ndi chathu chija kona ndi kona. A Hutala atachiona anati, "Mayi, konzekani ulendo."

Koma kompyutayo inali nkhalamba kuposa ife. Pamalo athyathyathya basi inkayenda modumphadumpha ngati chule. Mitengo inkamera titadutsa kale. Tsiku lina tinawoloka mtsinje bwinobwino, mlatho n'kutipeza kutsidya. Pachitunda ndiye ayi: tikangofika pakona yachitatu, sikirini inkangoti bii, mdima.

Mwezi womwewo adokotala anawauza kuti maso awo akutha, ndipo pakapita miyezi ingapo sadzaonanso msewu, ngakhale wa pasikirini. Anabwerako wapansi osaliza hutala ngakhale pakona imodzi. Ndinachita mantha, sindibisa. Koma m'mawa mwake anagogoda pawindo langa.

"Mlamu, tenga wilibala. Basi ikupita ku galaja."

Galaja yake inali kashopu ka mayi wina wokonza makompyuta, kuseri kwa telala. Anali mayi wa magalasi, wosasekaseka, ndipo a Hutala ankamutcha amakaniko.

"Yatani, bambo?"

"Ilibe mphamvu pachitunda. Ndikukayikira pampu ya dizilo."

Mayiyo anatsegula bokosi, n'kusuzumira. "Ramu yachepa."

"Chimenecho ndiye chiyani?"

"Ndi pamene kompyuta imaikapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo."

"Ndiye kaliyala," anatero a Hutala akundigwedezera mutu, ngati ine ndi amene sindinamve. "Katundu wachuluka, kaliyala yachepa. Ikulitseni."

Amakaniko anabayamo timatabwa tiwiri tobiriwira. Milatho inayamba kufika panthawi yake, koma chitunda chinakanabe. Titabwererako, mayiyo anati pakufunika khadi la zithunzi, limene limajambula zonse zooneka pasikirini.

"Imeneyo ndiye injini," anatero a Hutala. "Bwanji simunayambe ndi injini?"

Khadilo mayiyo anali nalo, logwirapo ntchito koma lamphamvu, la mafani awiri. A Hutala anapita kunyumba n'kubwera ndi bokosi lawo la masipanala, lija ankalipukuta sabata iliyonse, limene ine mlamu wawo sindinaloledwepo kuligwira. Analiika patebulo. "Amuna anu ndimawaona akulimbana ndi njinga yamoto ndi pulayala imodzi. Tisinthane." Anachoka osacheukira bokosilo.

Vuto linali loti khadi linali lalitali, bokosi la kompyuta lalifupi. Amakaniko anati tipeze bokosi lina. A Hutala anati basi saitaya chifukwa choti injini yakula. Anabwereka sowo yochekera zitsulo, ine n'kugwira, iwo n'kucheka, mayi uja atavula magalasi kuti asaone. Khadi linalowa, mchira wake uli panja. Titayatsa, kabokosi kogawa magetsi mkatimo kanalira kamodzi n'kufa, ndipo tinaikamo kena kakakulu.

Poyesa pashopupo, a Hutala anakana kuyendetsa. "Pamwamba sindifikapo popanda mayi." Anafulatira sikirini, amakaniko n'kugwira chiwongolero.

"Yakwera, bambo," anatero patapita kanthawi. "Mpaka kuseri."

"Mwagunda kangati?"

"Kanayi."

"Musadzauze munthu kuti mumandidziwa."

Tinabwerera kunyumba ngati asilikali opambana, wilibala patsogolo, hutala pakona iliyonse. Anaitana okwera: telala, wometa tsitsi, ndi mayi wa pagolosale. Basi inanyamuka myaa, mitengo ili m'malo mwake, masamba akuchita kugwedezeka. Kona yoyamba, kona yachiwiri. Kona yachitatu, bii.

Tinaibweza ku galaja, inakwera. Tinabwera nayo kunyumba, inafa. Katatu konse. Ndinati, "Alamu, bwanji tingowatengera achemwali kushopu komweko?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Unaona kuti wokwera akukwerera ku galaja? Basi imanyamukira padepoti."

Kenako anayamba kukayikira katundu. "Yalemedwa. Mlamu, tsika, wanenepa." Ndinatsika pabenchi n'kukaima pakhomo. Inafa. Anatsitsa wometa. Inafa. Telala, munthu wa mtima wabwino, mpaka anakankha mpando wa adalaivala ndi phewa akukuwa kuti tithandizane. Tinkaseka, koma kuseka kwake kunali kosafika pansi, chifukwa sabata iliyonse mpando wa a Hutala unkasendera kufupi ndi sikirini. Pofika mwezi wachitatu mphuno yawo inkatsala pang'ono kugunda galasi.

Loweruka lina masana, itafanso pakona yomweyo, sanakalipe. Anayamba kununkhiza. Anagwada, n'kulowetsa mkono pansi pa tebulo pamene bokosi linkakhala, poti maso anali atasiya kuwathandiza m'malo amdima.

"Ikuwira," anatero. Anapapasanso. "Mayi, ubweya uwu ndi wa chiyani?"

"Ndi juzi yake," anayankha achemwali ali kukhitchini. "Munaiboola chidzenje, ndiye mumafuna fumbi lizilowa?"

Inali juzi ndithu, yofiira, yoluka mothina mbali zonse, ya mabatani atatu kumbuyo. Yoyamba anailuka tsiku lomwe kompyuta inafika, ndipo titacheka bokosi analuka ina yochindikala yokhala ndi kathumba ka mchira wa khadi. Bokosi likamapita ku galaja ankaivula n'kuichapa kuti anthu asaione yakuda, likabwera n'kulivekanso. Tonse tinkaiona. Koma m'nyumba imene ngakhale ketulo imavala, ndani akanadabwa?

"Mwaitseka mphuno!" anakuwa a Hutala. "Ipuma bwanji? Chilichonse chokwera chitunda chimafuna mphepo kutsogolo. Ngakhale basi yeniyeni, ukaphimba rediyeta ndi nsalu..."

Anasiyira pomwepo. Anatembenuka pang'onopang'ono, ali chigwadire, n'kuloza nkhope kumene kunali ine.

"Mlamu. Nsalu yotsanzikana ija unaimanga pati?"

"Cha... cha m'mbalimu."

"Pati?"

"Kutsogolo," ndinatero. "Kuti anthu aziwerenga bwino."

Ndinaimanga ndine, iwo atakhala kale pachiwongolero, ndipo ndinaikoka bwino kuti isachite makwinya. Injini itawira, ndinazindikira nthawi yomweyo, n'kuimasula msangamsanga mkati mwa nthunzi ija n'kuibisa pansi pa mpando. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkawamva akudziimba mlandu, ine ndikumwa tiyi wawo. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo chibadwire.

Telala anayamba kuyang'ana chitseko. Kenako mapewa a a Hutala anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti akulira. Ankaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwee.

"Ndiye sindine! Mayi, mwamva? Sindinaiwiritse ndine!" Anamenya simenti ndi chikhatho. "Zaka zonsezi ndimati ndinachedwa kusintha giya. Kani ndinakwatira ku banja la nsalu! Mlongo nsalu, mchimwene nsalu!"

Achemwali anatuluka kukhitchini, n'kumasula mabatani aja mwaulemu wonse, n'kundiveka juziyo kumutu. "Uvala mpaka tikafike," anatero. Sindinatsutse.

M'mawa mwake msewu wonse unabwera. Mabenchi anadzaza, ena anaima m'mawindo. Amakaniko anatseka shopu n'kubwera ndi amuna awo. Bokosi linali pamtetete, lopanda chovala, ndipo a Hutala analiikira fani ya patebulo kutsogolo kuti lisadzanene kuti silinapatsidwe mphepo. Achemwali anavala diresi lomwe anavala tsiku lija, n'kukhala pambali pa adalaivala, chikwama chili pamiyendo. Ine ndinaima kumbuyo ndi juzi yanga kumutu, ntchito yanga ili yowauza makona, poti iwo ankangoona zithunzithunzi.

Ndinamenya khoma kawiri, tinanyamuka.

"Kona kumanzere!"

"Ndikuidziwa."

"Kumanja, yakuthwa!"

"Ndinaidziwa iwe usanamere ndevu."

Tinafika pakona yachitatu. Mayi wa pagolosale anagwira dzanja la wometa, anthu amene sankapatsana moni chaka chonse. A Hutala anatsitsa giya, phazi likuponda mofatsa. Mafani analira, sikirini inangoti ngwee, basi n'kukhota. Inakwera, inakwerabe, msewu n'kugona. Tinali pamwamba.

Anaimika pambali bwinobwino monga dalaivala, n'kukoka buleki.

"Mayi, mukuona chiyani?"

Achemwali anasendera kutsogolo. "Ndikuona mtsinje ukunyezimira. Minda. Tinyumba tating'onoting'ono pansi penipeni. Msewu ukutsika mokhotakhota mpaka sukuonekanso."

"Ndi momwemo," anatero a Hutala. "Ndendende." Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Mayi, tafika."

"Zikomo, adalaivala."

Pachiwongolero panali batani la hutala, koma sanaligwire. Anadzaza mpweya m'chifuwa n'kuliza yawo ija: "Pii-piiii!" Msewu wonse unayankha. Telala anavina mpaka benchi linathyoka, amakaniko anaseka mano onse kuonekera, ndipo agalu a kuseri anauwa mpaka masana.

Maso anatha patangopita milungu isanu ndi umodzi, koma a Hutala sanausenso moyo pa tiyi. Ankayenda atagwira phewa langa, ine patsogolo, iwo akudandaula kuti kondakitala sadziwa kuyendetsa. Aliyense wokumana nawo ankamva nkhani ya chitunda, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chitundacho chinali chitatalika kawiri. Anatisiya chaka chotsatira, nyengo yozizira, m'mawa, atavala malaya awo a yunifomu.

Pakona ya golosale pano pali zii. Sabata yatha telala anawombana pamenepo ndi munthu wonyamula mazira, ndipo sanakangane, anangoyang'anana, aliyense akudziwa chimene chasowa. Ine ndikafikapo ndimangozindikira dzanja latuluka lokha. Ndimawasowa alamu anga, ndipo sindichita manyazi kunena.

Kwa achemwali zinthu zonse zikuvalabe tinsalu tawo, wailesi, firiji, ketulo. Bokosi lija lokha ndi limene lili pamtetete, mchira wa khadi uli panja, ndipo amalipukuta m'mawa uliwonse. Tsiku lina ndinawauza kuti poti palibenso woyendetsa, angoliphimba lisamalowe fumbi.

Anapitiriza kupukuta osandiyang'ana.

"Lisiye lizipuma," anatero.