Mayina Kumbuyo kwa Zithunzi

Lolemba
Lero ndayamba! Sutikesi ya atate yatsika pamwamba pa wadiropu. Muli zithunzi, mapepala a ukalipentala ndi mphemvu ziwiri. Pulani yanga: zithunzi khumi pa tsiku, iwo azitchula mayina, ine ndizilemba kumbuyo. Anesi ku kiliniki akuti kuiwala kwa atateku kuzingokula, ndiye ndifulumire. Ndagula:
alubamu
bolopeni
mabanzi owanyengerera.

Lachiwiri
Chithunzi chimodzi basi. Atate ali mnyamata, aima ndi anzawo atatu pashedi yawo konkuno ku Kalingalinga. Anzawowo sakuwatchula. Akufotokoza za tebulo lomwe likuoneka kumbuyo: linali la matabwa a mukwa, miyendo anaisema okha, amene analigula ndi aphunzitsi. Maola awiri! Mabanzi atha.

Lachitatu
Mnzawo wovala chipewa pachithunzi chija, m'mawa atate akuti ndi Banda. Masana ndi Zulu. Ndatumiza chithunzicho pafoni kwa ba anti a ku Matero, mlongo wawo wa atate. Akuti, "Uyo ni kawalala, wakuba, usamulembe." Ndafufuta kawiri, bolopeni yaboola chipewa.

Lachinayi
Pansi pa sutikesi panalowa madzi, kaya ndi mvula ya chaka chiti. Zithunzi zamatana. Cha ukwati ndachimatula pang'onopang'ono ndi mpeni. Diresi la malemu amai lilipo, maluwa alipo, dzanja la atate paphewa lilipo. Nkhope yanyotsoka. Tinalibe china cha amai, chinali chokhachi. Ndakalirira kubafa kuti asandimve.

Lachisanu
Minibasi mpaka m'tauni, kwa wojambula. "Ba sista, osadandaula, kompyuta iziba vonse." Nkhope yabweradi: mkazi woyera, mano ondondozana bwino, popanda kampata kaja ka amai. Atate ayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Ngokongola. Koma bisa, amako angaone." Ndaseka mpaka misozi. Kenako kwatsala misozi yokha.

Loweruka
Chithunzi changa cha giredi wani, yunifolomu yofika m'mapazi. Apa sanachedwe. Akuti uyu ndi mwana wawo wachisamba, tsiku limenelo analira njira yonse, anachita kumubereka. Zoona zonse! Ndatola bolopeni msanga. Ndiye atembenukira kwa ine mwaulemu: "Kodi inu mumudziwa? Masiku ano sabwera kudzandiona."
Zaka zinayi ndikuwaphikira ndi kuwachapira m'nyumba muno.
Ndayankha kuti abwera mawa. Sindinalembe kanthu.

Lamulungu
Zolembazi ndasiya. Kutchalitchi sindinapite. Atate alawirira, apempha shati yosita, akhala pabenchi panja maso ali kumsewu. Ndavala chitenge chatsopano, ndatulukira kuseri, ndazungulira kwa owotcherera zitsulo, ndabwerera kumaso ngati wochokera kutali.
"Odi, atate! Ndabwera."
Andiyang'ana, amwetulira, asendera kuti ndipeze malo.
"Khalani apa, mayi. Mwana wanga ali m'njira."
Ndakhala. Tikumudikira.