Kuthokoza Sitolo Imene Inatigulitsa TV Yomeretsa Mpira Mchira

Kwa Bwana Manijala,
Sitolo ya ma TV yoyang'anana ndi msika,
Fordsburg.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Veronika, wantchito wa m'nyumba ku Fourways, ndipo ndimakhala ku Alexandra, konkuno ku Joni. Pepani kuti munthu wokolopa ngati ine ndikukutayitsani nthawi, koma kwathu ku Ntcheu munthu akakuchitira zabwino sugona nazo.

Amuna anga, a Elia, anagwa pa makwerero ku ntchito ya zomangamanga, mwendo n'kuikidwa chikhakha. Poti mpira ndiye mankhwala awo, ndinabwera kwanuko kudzawagulira TV. Mnyamata wanu Sidi anandilozera ina ya stika yaikulu yolembedwa 240, n'kulumbira kuti imeneyi ngakhale ntchentche ikadutsa ndidzaiwerenga miyendo. Zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maluwa. Ma TV onse m'sitolo mwanu amaonetsa duwa likumasula pang'onopang'ono ndi kamba akusambira. Chithunzi chake n'chowala zedi, moti munthu sangaganize zofunsa kuti chinthu chothamanga chimaoneka bwanji.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mchira. Pa TV ya adona anga, imene ndimapukuta fumbi, mpira ndi wobulungira. Pa yathuyi ukangomenyedwa umamera mchira, osewera n'kusanduka utsi. Akaima poimba nyimbo ya fuko ndiye timawaona mpaka thukuta.

Chachitatu, ndipo apa ndagwada, mwatithandiza kudziwa kuti maso a amuna anga ali bwino. Iwo poona chimbuuzicho anaganiza kuti kugwa kuja kunawaononga m'mutu. Anandibisira, kudya anasiya, akulingalira kuti kapitawo sangabwezere pa ntchito munthu wosaona, ndipo tibwerera kumudzi chimanjamanja. Ataulula, ndinawanyamula pa tekisi ndi ndodo zawo mpaka ku kiliniki. Anesi anawayeza n'kunena kuti maso ngakuthwa ngati a mwana. Popanda inu tikanayezetsa liti?

Chachinayi ndi sukulu yaulere. Nditatembenuza TV ija ndinapeza tizilembo tating'ono ngati nsabwe: 60Hz. Ndinafufuza pa foni. Kani nambala imeneyi ndiyo imanena kuti chithunzi chimasintha kangati pa sekondi, ndipo ikakhala yochepa, pa sikirini yaulesi ngati yathuyi, zothamanga zimapakika. Nanga 240 ija? Akuti ndi dzina chabe lokometsera malonda, ngati kutcha mwana Mavuto Atha.

Nditabwerera kudzadandaula, Sidi anandiuza mwaulemu kuti ndisindikize batani losalaza chithunzi pa rimoti. Zinathandizadi, bwana. Mchira unafupika, koma tsopano goloboyi akadumpha amakhala atatu. Loweruka lapitali aneba athu a ku Zambia, a Mwelwa, anakangana ndi a Elia za amene wagwira mpira mwa atatuwo, mpaka pano sakulankhulana.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati mtima wanu wabwinowo ungalole, tisinthireni ndi TV imene kumbuyo kwake kwalembedwa 120Hz yeniyeni, ndipo ndidzaiyesa ndi mpira ndisanatuluke pakhomo. Zikavuta, musadandaule. Ndidzakubweretserani yathuyi ngati mphatso kuti muilumikize ku makamera anu achitetezo. Tsiku limene wakuba adzathamange ndi katundu wanu, mudzasankhe nokha mwa atatuwo woti apolisi amugwire.

Ine wanu wogonjera, wa maso abwinobwino,

Veronika, mkazi wa a Elia
Alexandra, Joni