Dzina la Mdzukulu Wanga

Lolemba

Mdzukulu! Wamwamuna, woyamba, ali muno m'nyumba mwanga ndi mayi ake, mwana wanga Enelesi. Ndipo wopereka dzina ndine! Mkamwini wanena yekha pamaso pa anthu. Asebele anga a Mwale, bambo ake a mkamwiniyo, amene anapuma ntchito ku Lusaka n'kudzamanga chinyumba cha mpanda ku Chongwe, angomeza malovu. Akhaula!

Mchombo ukangogwa, dzina likhale lilipo. Amake Enelesi akuti ndili ndi masiku anayi kapena asanu. Ochuluka zedi.

Ndikufuna la Chingerezi, lonena za mwayi, koma lodziwika kumene linachokera. Ine sinditola dzina kumbuyo kwa minibasi. Zaka makumi atatu ndikudya fumbi la choko si masewera. Ndafukula dikishonale yanga yaikulu m'thiranki, mphemvu zabalalika. Mndandanda:

1. Lucky
2. Fortune
3. Chance
4. Happy

Lachiwiri

Lucky wagwa m'mawa. Buku likuti Angerezi anabwereka mawuwa kwa Adatchi, ndipo zikuoneka kuti analowera pa juga. Pa juga! Mdzukulu wa mkulu wa mpingo! Ndafufuta.

Fortune ndiye nkhani yokoma. Anali mulungu wamkazi wa Aroma, wozunguza gudumu: lero uli pamwamba, mawa uli pansi. Ndasangalala mpaka kukafotokozera amake Enelesi kukhitchini. Kulakwa kwanga. "Mufuna kuleta mafano mu nyumba yanga?" Ndafufuta.

Ng'ombe ndakama mochedwa. Wanjinga wotenga mkaka kupita ku Palabana wandisiya.

Lachitatu

Zodabwitsa! Chance anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kugwa. Accident nayenso anachokera komweko! Mwayi ndi ngozi, agogo awo mmodzi! Ndathamangira kuchipinda kukauza Enelesi. Atangomva za kugwa wafumbatira mwana pachifuwa. "Ba tate, chokani."

A Mwale aimba foni. "Shani asebele, zina yapezeka?" Ndayankha kuti ndili pa kafukufuku. Aseka kaseko kawo kaja ka muofesi. Munthu ameneyu ali nalo lake m'thumba, ndikudziwa ine, akungodikira ndipunthwe.

Lachinayi

Watsala Happy, ndipo wandisangalatsa mpaka tiyi wazizira. Muzu wake ndi kamawu kakafupi, hap, kamene kanabwera ndi anthu a kumpoto kozizira, aja oyenda m'ngalawa n'kumalanda midzi. Tanthauzo lake ndi chinthu chongochitika mwamwayi. Happen, perhaps, mishap, onsewo mimba imodzi! Bwanji sindinaphunzitse ana zimenezi?

Koma mdzukulu wanga akhale mbale wa mishap? Ayi. Ndafufuta, mtima ukuwawa.

Mndandanda watsopano:

Windfall: chipatso chogwetsedwa ndi mphepo. Kugwanso.
Auspicious: kuombeza poyang'ana mbalame. Amake Enelesi sindiwauza n'komwe.

Mwana akungotchedwa "uyu".

Lachisanu

Mchombo wagwa! Nthungululu m'nyumba monse. Mawa anthu akubwera. Nkhuku zitatu zamangidwa miyendo, munkoyo woti alendo amwe uli m'chigubu, mipando yabwerekedwa kutchalitchi. Chosowa ndi chimodzi, ndipo ndi cha ine.

Ndikuopa, ndinene zoona. Dzina lililonse ndikalitsata kumbuyo ndikupeza juga, mafano kapena maula. Enelesi wandipeza pakhonde, maso ofiira. "Ba tate, ili yonse chabe. Mwana azachoka bwanji panja alibe zina?" Ndamulonjeza. Ndili pa chilembo P.

Loweruka

Anthu dzadza pabwalo. Andipatsa mwana m'manja, kopepuka, kofunda. Onse maso pa ine.

Ndayamba ndi Adatchi, poganiza kuti dzina lindipeza m'njira. Ndadutsa kwa Aroma. Ndafika kwa anthu a ngalawa. Azimayi akukodolana, mkamwini akuyang'ana nsapato zake, mwana wayamba kulira. Dzina osabwera.

A Mwale aimirira. Basi, ndatha ine. Anditenga mwana m'manja pang'onopang'ono, n'kumukweza kuti onse amuone.

"Asebele basakila kutali maningi. Uyu mwana atenga zina ya ambuye bake aba."

Akuloza ine. Dzina langa, langa lenilenili, lopanda Chilatini ngakhale dontho! Nthungululu, m'manja, munkoyo kutayika. Ndachita manyazi aakulu, chifukwa sabata yonse ndakhala ndikumutukwana munthuyu mumtima. Misozi ndaibisa m'chipewa.

Lamlungu

Ulemu wopereka dzina wapita kwa a Mwale, ndipo adzaunena mpaka kumanda. Zilibe kanthu. Ndawatumizira malita asanu a mkaka.

Vuto ndi lina. Kuyambira m'mawa amake Enelesi akuitana dzina langa kuchipinda, ndi mawu ofewa, onyengerera, amene sindinawamve chikwatiranireni. Ndavomera kawiri. Kachiwiriko andiuza kuti sakunena ine, ndipite ndikamwetse ng'ombe.