Balansa ya Mbedza

Lolemba
Dona Selesite, mlangizi wa ulimi ku Tsangano, akuimba foni. Loweruka kuli msonkhano wapachaka wa asosiyasau, bungwe lathu la alimi a mbatatesi. Kubwera mamembala onse, ndi bwana uja amatipatsa mbewu. "Apurezidenti, anthu aone mmene chuma chayendera. Mubweretse balans..." Redi ya foni yaduka. Palibe kanthu, ndamva: balansa, choyezera katundu. Akumpadre Furujensiyo, bwenzi langa lakalekale, ali nayo pamsika wa Ntengo-wa-Mbalame. Mamembala akandisankhanso upurezidenti, njinga ya asosiyasau ikhalabe pakhomo panga. Mawondo angawa anaiwala kuyenda pansi.

Lachiwiri
Ndaibwereka! Yachitsulo, ya mbedza, yolemera ngati tchimo. Malamulo a akumpadre:
isanyowe;
ibwerere Lamulungu;
isayeze nkhumba.

Lachitatu
Kuphunzira ntchito. Ndayeza tambala, mtondo, nsapato zanga za kutchalitchi. Amayi akunyumba akukana kulowa m'thumba kuti ndiwapachike pambedza. Akuti, "Ukalamba wayambira kumutu."

Lachinayi
Mayi Nasitaziya, mlembi wathu, abwera ndi kathumba ka maresibo, malisiti a chaka chonse. "Mwakonza?" Ndikuti ndakonza, ndapakanso mafuta. "Mapepala angati?" Ndikuti ilibe mapepala, ili ndi mbedza. Akuseka mpaka kugwira nthiti: "Inu simudzakula!" Atapita ndayeza kathumbako. Ndi kilo yomwe sikakwana. Chaka chopepuka.

Lachisanu
Ndauza msungichuma za balansa ya mbedzayi, ndauza akatekisita. Onse kuseka. Anthu akukondwera nayo ntchito yanga isanaoneke n'komwe. Ndasambitsa mbuzi ya asosiyasau yomwe imasungidwa kwathu kuno. Nthiti zikuonekera, koma ndi zoyera.

Loweruka
Pasukulu, pansi pa mtengo wa pichesi. Ndapachika balansa panthambi, ndavula chipewa.
Dona Selesite agwira kumutu: "Malume, ndinati balansu! Balansu, osati balansa! Pepala lonena zolowa, zotuluka ndi zotsala!"
Chilembo chimodzi, abale, chomwe inadya redi!
Ndikuti sabata yonse ndakhala ndikunena poyera kuti ili ndi mbedza. Mayi Nasitaziya: "Timayesa ndi nthabwala zanu zija." Tsiku lomwe ndanena zoona, palibe wondikhulupirira.
Kumbuyo kwaimirira anaPhiri, mdani wanga kuyambira ku katekisimu: "Poti yabwera, igwire ntchito."
Mbuzi m'thumba: singano yangogwedeza mutu pang'ono.
Apurezidenti m'thumba: singano yazungulira, nthambi thyo! Ine pansi khu!
AnaPhiri: "Mbuzi yaonda, apurezidenti anenepa. Tamva, palibe funso."
Bwana wa mbewu akupukuta misozi. Akuti sanamvepo za chuma momveka chonchi, komabe popanda pepala, mbewu palibe. Chisankho: manja m'mwamba. Purezidenti watsopano: mayi Nasitaziya. Atenga maresibo, atenga mbuzi, akwera njinga. Akuliza belu podutsa pamene ndakhala. Belulo ndinagula ndine.

Lamulungu
Msana ukuwawa. Pakhonde pangotsala mkwasa wa matayala. Balansa iyenera kubwerera lero, ndipo Ntengo-wa-Mbalame sanasendere pafupi. Nkhata pamutu, chitsulo pankhata, ndodo m'manja. Mitambo yada, ikanyowanso ndiye mlandu wina. Akumpadre akafunsa ngati inayeza nkhumba, ndikana. Amayi akunyumba akuti ndikane ndithu, koma ndisachite kulumbira.